Alipo anapezapo phungu womvetsa ife ogwira ntchito ndi nyama?

Nachanza:
Moni nonse. Ndakhala pa gulu lino nthawi ndithu koma ndimangowerenga, lero ndalimba mtima. Ndine wothandizira dokotala wa ziweto. Chaka chatha kunabuka chigodola cha nkhumba m'dera limene ndimagwirako ntchito, ndipo ine ndinali m'gulu lotumidwa kukapha nkhumba za alimi kuti matenda asafale. Zodwala ndi zabwinobwino zomwe, khola lonse, mpaka tiana tongobadwa kumene. Ntchitoyo inatha kalekale koma ine tulo ndilibe. Ndikangotseka maso ndimamva kulira kwake. Fungo la mankhwala opopera aja ndikangolimva paliponse, mtima umathamanga, manja n'kumanjenjemera. Kunyumba ndasanduka wolusa, ana akungondizemba.

Ndinapitako kwa phungu wina wothandiza pa mavuto a maganizo. Nditafotokoza anandifunsa kuti, “Koma zinali nkhumba basi eti? Palibe munthu anafa?” Sindinabwerereko. Ndiye ndifunse kwa inu anzanga: alipo anapezapo thandizo lenileni pa zoterezi? Munalipeza bwanji? Kapena wofooka ndine ndekha?

Chimwemwe wa Agalu:
Achemwali, simuli nokha ngakhale pang'ono. Ine ndimagwira ntchito pamalo osungira agalu ndi amphaka osowa mwini. Malo akadzaza pamayenera kusankhidwa oti abayidwe jekeseni wa imfa, ndipo wosankhayo kawirikawiri ndimakhala ine, poti ndine ndimawadziwa. Galu amene ndakhala ndikumudyetsa, kumutsuka zilonda, ndi yemweyo ndimamugwira mwendo dokotala akamabaya, iye akugwedeza mchira. Phungu woyamba amene ndinamupeza anangoti ndisake ntchito ina. Wachiwiri ndiye anandithandiza, chonsecho za agalu sankadziwa kanthu. Anangoti, “Tandiuzani, tsiku loterolo limayenda bwanji kuyambira m'mawa?” Basi, ndinayankhula mpaka nthawi inatha. Musagwe mphwayi chifukwa cha mmodzi uja.

A Mbewe:
Pepani ndiyankhulepo monga wamkulu. Ine ndakalambira kophera ng'ombe. Mpeni ndinaugwira ndili mnyamata, lero imvi zili mbuu. Kwa phungu sindinapondeko. Ntchito ndi ntchito, munthu umazolowera. Ana a masiku ano chilichonse mukuti matenda. Mayi, limbani mtima, zitha zokha.

Chimwemwe wa Agalu:
A Mbewe, ndi ulemu wonse, chaka chatha ndi kale. Zikanakhala zotha zokha bwenzi zitatha.

Vetenale Wopuma:
Mayi Nachanza, zimene mukufotokozazi zinawachitikirapo anthu ambiri, ndipo zinalembedwa. Mu 2001 ku Britain kunabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, zambiri mwa izo zisanadwale n'komwe, mlandu wake kungokhala pafupi ndi khola lodwala. Dera la Cumbria ndilo linakhudzidwa koposa. Ofufuza a ku Lancaster University, motsogozedwa ndi Maggie Mort, anapempha anthu 54 a kumeneko kuti azilemba za moyo wawo sabata iliyonse kwa miyezi 18. Munali alimi, a zaumoyo wa ziweto ndi wa anthu, komanso antchito amene anatumidwa ku makola. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya British Medical Journal mu 2005: kuzunzika mumtima, chisoni chonga cha maliro, mantha oti tsokalo libweranso, ndi kusakhulupiriranso akuluakulu amene ankalamula ali kutali. Ndiye ngati inu muli wofooka, ofookawo ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo anakulira m'khola.

Katswiri wina wa kakhalidwe ka anthu, Arnold Arluke, atafufuza m'malo osungira agalu ku America anaona chimene Chimwemwe wanenachi: munthu amalowa ntchito chifukwa chokonda nyama, kenako ntchito yomweyo imamulamula kupha zimene amazikondazo. A Mbewe, ntchito yanu ndi yolemetsa ndipo sindikuichepsa, koma inu tsiku loyamba lomwe munadziwa chimene mwalembedwera. Mayiwa anaphunzira kuchiza.

Nachanza:
Zikomo adokotala. Chimene chimandiwawa kwambiri si magazi ayi. Ndi nkhope ya mayi wina wokalamba amene anagwada kutipempha kuti timusiyireko imodzi yokha. Amene anamuuza kuti sizingatheke ndine. Ndikudziwa kuti chigodola chilibe mankhwala, ndikudziwa kuti makola ena tinawapulumutsa. Mutu ukudziwa zonsezo, mtima ndiye sukumva.

Phungu Nangondo:
Ine ndine phungu, ndili pa gulu lino chifukwa amuna anga ndi dokotala wa ziweto. Pano sindingapime munthu, choncho zimene ndilembezi muzitenge ngati zokuthandizani kufunsa mafunso oyenera mukakaonana ndi wina maso ndi maso.

Ndiyambe ndi phungu mnzanga uja amene Mayi Nachanza anakumana naye. Analakwitsa, koma ndikudziwa kumene funso lake linachokera. PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa, inalowa m'buku la matenda a maganizo la ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwerera ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mpaka lero tikamaphunzitsidwa zitsanzo zake zimakhala nkhondo, ngozi za pamsewu, kugwiriridwa. Za nkhumba m'kalasi simungazimve. Ndiye wina wosalingalira akangomva kuti palibe munthu anafa, fayilo watseka. Koma thandizo silidikira dzina la matenda. Munthu amene sakugona, akulota zoopsa, akudzidzimuka ndi fungo, akupewa malo ena, akulusira ana, ndipo zapitirira mwezi, ameneyo ayenera kuthandizidwa, kaya papepala tilemba PTSD kaya ayi.

Pa zimene mwalemba kachiwirizi, Mayi Nachanza, ndikuona zinthu ziwiri zolukanalukana. Mtima kuthamanga pomva fungo, amenewo ndi mantha amene thupi linasunga. Koma za agogo ogwada aja si mantha, ndi chikumbumtima. Dokotala wa matenda a maganizo Jonathan Shay, pothandiza asilikali akale a ku Vietnam m'zaka za m'ma 1990, anachitcha moral injury, bala la mumtima limene limabwera olamula akakuchititsa chimene iwe ukuona kuti si chabwino. Rachel MacNair naye mu 2002 analemba kuti kupha kumavulaza wakuphayo, ngakhale kuphako kukhale kololedwa ndi lamulo. Ndikusiyanitsa dala, chifukwa phungu akangokuphunzitsani kupuma mofatsa, mantha akhoza kuchepa, koma kudziimba mlandu kudzatsala pomwepo.

Nanga chimathandiza n'chiyani? Mu 2013 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalimbikitsa njira ziwiri pa PTSD: CBT (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita) yolunjika pa chimene chinakuchitikiranicho, ndi EMDR, imene anayambitsa Francine Shapiro chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu EMDR mumakumbukira chochitikacho pang'onopang'ono uku maso akutsatira chala cha phungu kumanzere ndi kumanja. Zimaoneka ngati zamasewera koma kafukufuku wake alipo. Kwa munthu amene chikumbumtima chikumudya, ine ndimakonda mtundu wa CBT wotchedwa CPT, wa Patricia Resick, umene umatenga maulendo pafupifupi 12. Mumatenga maganizo onga akuti “ndikanakana” kapena “ndine munthu woipa” n'kuwaunika limodzi ndi phungu: tsikulo munkadziwa chiyani, munali ndi mphamvu yanji, analamula ndani. Si kukunamizani kuti zonse zinali bwino ayi. Ndi kuti mlandu umene mwausenza nokhawo ugawidwe molingana ndi mmene zinalili.

Musanapite kwa wina aliyense, imbani foni kaye. Mufunseni kuti anaphunzira njira iti yothandizira anthu amene anakumana ndi zoopsa. Kenako nenani mosabisa kuti vuto lanu lachokera ku kupha nyama pa ntchito, mumve mmene ayankhire. Akaseka, kapena akafulumira kunena kuti ndi nyama chabe, dulani foni, mwapulumutsa ulendo.

Tadala wa ku Labotale:
Ine langa ndi loti ngakhale kunena chimene ndimachita sindingathe. Ndimasamalira makoswe ndi akalulu a kafukufuku wa mankhwala. Ndimawadyetsa, kuwayeza pa sikelo, ena mpaka amandizolowera n'kumabwera okha padzanja. Kafukufuku akatha, wowapha ndine ndemwe. Ndikauza anthu, ena amanyansidwa kuti iii makoswe, ena amanditenga ngati munthu wankhanza wozunza zolengedwa. Ndiye ndimangoti ndimagwira ntchito ku labotale, nkhani n'kuthera pomwepo. Aphungu, munthu wolirira khoswe mumamulandira?

Phungu Nangondo:
Timamulandira, Tadala. Kenneth Doka mu 1989 analemba za chisoni chimene anthu okuzungulira sachivomereza, choti wolirayo amalira mobisa poti palibe womupepesa. Chimalemera kwambiri chifukwa cha kubisako. Aphungu ophunzira mwapadera za anthu ogwira ntchito ndi nyama alipo, kungoti ndi ochepa: University of Tennessee inayamba maphunziro otero mu 2002, pansi pa Elizabeth Strand. Koma musadikire wotero. Chimwemwe wanena zoona, wake uja za agalu sankadziwa, koma anafunsa n'kumvetsera.

A Mbewe:
Ndawerenga zonse. Za mabuku sindingatsutse, sindinawawerenge. Koma adokotala, musaganize kuti ife sitimva kanthu. Ng'ombe imadziwa. Ikafika pakhomo paja imaima njii, maso ali pa iwe. Anyamata ambiri amene ndinayamba nawo anathera mu mowa, wina anangovula nsapato za ntchito pakhomo, osabweranso mpaka lero. Ine chimene chinandisunga ndi kapitawo wathu wakale. Sankalola munthu mmodzi kukhala pa mpeni sabata yonse. Lero uli pophera, mawa kosenda, mkuja kotsuka. Atachoka iye kunabwera wina wofuna liwiro, akuti amene ali ndi dzanja lachangu akhale pomwepo, ndipo m'pamene anthu anayamba kugwa. Ndiye ine ndimati vuto lili pa kagawidwe ka ntchito. Mukatumiza mwana kwa phungu n'kumubwezera pa mpeni womwewo tsiku ndi tsiku, mwachitapo chiyani?

Vetenale Wopuma:
Apa ndiye mwalasa, a Mbewe. Sindiwonjezerapo.

Chimwemwe wa Agalu:
Kwathunso n'chimodzimodzi. Tinapempha kuti wosankha agalu asamakhale yemweyo wowagwira, ndipo tsiku lobaya lisamakhale lomaliza la sabata, munthu n'kupita nazo kunyumba yekhayekha. Zinatenga nthawi kuti abwana avomere, koma zinasintha kwambiri. Chimene sitinachipezere njira ndi anthu otitukwana pa Facebook kuti ndife zigawenga, pamene amene anataya agaluwo pamsewu ali phee.

Yamikani:
Langa ndi losiyanako. Ndimabaya agalu katemera wa chiwewe. Galu wina anandiluma dzanja ndi pantchafu, ndipo atamupima anapezeka nacho. Majekeseni onse ndinalandira, achipatala akuti ndili bwino, koma wodziwa chiwewe amadziwa kuti zizindikiro zikangoyamba ndiye kwatha. Miyezi yonse ija mutu ukangowawa ndinkati chayambapo. Pano galu akangouwa kumbuyo kwanga miyendo imazizira. Wobaya agalu woopa agalu, mukuona manyazi ake? Chonsecho ntchitoyi ndimaikhulupirira. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Sindikufuna kuisiya.

Mlonda wa Tchire:
Pepani ndachedwa, netiweki kuno ndi ya apo ndi apo. Ine ndine mlonda wa nyama zakutchire. Zathu zimasakanikirana. Pali kupeza njovu itakodwa mu msampha wa waya, mwendo utawola, n'kulamulidwa kuiwombera. Pali kupeza chipembere atachidula nyanga chikadapuma. Ndiye pali mantha a moyo wako iwe mwini: mnzanga anabayidwa ndi nyanga ya njati ine ndikuona, tinamunyamula usiku wonse, anachira koma sayendanso bwino. Opha nyama mozemba nawo amabwera ndi mfuti. Ku malo otetezera nyama a Virunga, ku Congo, alonda oposa 200 aphedwa ali pa ntchito. Pa 31 July chaka chilichonse dziko limakumbukira alonda amene anafa, koma ife amoyo osagonafe sindikuona wotikumbuka.

Vuto langa ndi ili. Chipatala chili kutali, tchuthi n'chosowa, ndipo chachikulu, ndikaulula kuti mutu sukuyenda bwino andilanda mfuti n'kundikhazika pa geti. Anzanga adzati ndachita mantha. Kodi zimene ndingauze phungu zimakafika kwa abwana?

Phungu Nangondo:
A Yamikani, lanu ndi limene aphungu ambiri amalidziwa bwino, chifukwa moyo wanu unalidi pangozi. Njira ya Edna Foa, yotchedwa Prolonged Exposure, imatenga maulendo 8 mpaka 15. Mumafotokoza za tsikulo mobwerezabwereza muli pamalo otetezeka, ndipo chimene mukuchiopacho mumachiyandikira pang'onopang'ono, kuyambira kuona galu womangidwa ali patali. Thupi limaphunzira kuti si galu aliyense ali uja. Kungoti musadziyese nokha podziponya pakati pa agalu kuti mantha athe msanga, zikhoza kungoipiraipira.

Achimwene a ku tchire, funso lanu ndi limene ambiri amaopa kufunsa. Lamulo la ntchito yathu ndi kusunga chinsinsi. Limathyoledwa makamaka moyo wanu kapena wa munthu wina ukakhala pangozi, kapena khoti likalamula. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye tsiku loyamba, musananene kalikonse, funsani kuti zimene muulule zikafika kwa yani. Ngati phunguyo amalipidwa ndi kuntchito kwanu, funsaninso kuti lipoti limene amapereka kwa abwana limakhala ndi chiyani. Phungu wabwino sakhumudwa nalo funso limeneli. Mukaona kuti simukukhutira, funani wa kunja.

Ndisakunamizeni: ngati munthu akuganiza zodzipha ndipo ali ndi mfuti, kumusiyanitsa nayo kwa kanthawi ndiko kumupulumutsa. Koma kulota zoopsa ndi kusowa tulo pakokha si chifukwa chomuchotsera munthu pa ntchito.

Za kutalika kwa mtunda, uphungu wa pa foni kapena pa vidiyo umathandiza, CPT yomwe ija imatheka choncho. Komanso musaganize kuti thandizo lili kwa katswiri wa madigiri yekha. WHO inakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008 kuti anamwino ndi madokotala a zipatala zing'onozing'ono azitha kuzindikira ndi kuthandiza mavuto a maganizo, ndipo mu 2016 inatulutsa ina, Problem Management Plus, ya maulendo 5 okha, yoti munthu wamba wophunzitsidwa bwino akhoza kuipereka. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wake wa mu 2016 anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Zimenezi sizilowa m'malo mwa chithandizo chapadera cha PTSD yaikulu, koma ndi poyambira. Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, munene kuti simukugona ndi chifukwa chake, mupemphe akutumizeni kwa wodziwa.

Mayi Nasibeko:
Ana anga, ndawerenga ndi chisoni. Ine ndimaweta nkhuku, chitopa chinandipululira khola lonse, ndinakwirira ndi manja angawa. Chimene chinandidzutsa ndi pemphero. Musaiwale Mulungu pothamangira njira za anthu. Nachanza mwana wanga, pita kwa abusa ako akakupempherere.

Chimwemwe wa Agalu:
Amayi, pemphero sindikulikana, inenso ndimapemphera. Koma ine nditapita kwa mtsogoleri wina wa mpingo anangondiuza kuti munthu anapatsidwa ulamuliro pa nyama zonse, ndiye ndisadandaule. Ndinatuluka ndikudziona wochimwa kawiri, wopha komanso wosakhulupirira. Wina amene ndinakumana naye pambuyo pake anali wosiyana, anandipempherera n'kundiuza yekha kuti ndipitenso kuchipatala. Zimatengera munthu wake.

Mayi Nasibeko:
Wachiwiriyo ndiye mbusa. Ine sindinati musapite kuchipatala, mwana wanga. Ndati musapite nokha.

Vetenale Wopuma:
Pali nkhani imene tikuizungulira, ndiye ndiitchule ine wamkulu. Mu 2019 ofufuza a bungwe la zaumoyo la CDC ku America anatulutsa zimene anapeza ataunika imfa za madokotala a ziweto 11,620 amene anamwalira pakati pa 1979 ndi 2015. Imfa zodzipha mwa amuna zinali kuwirikiza ka 2.1 poyerekeza ndi anthu ena onse, mwa akazi ka 3.5. Zifukwa ndi zambiri: ngongole za sukulu, maola aatali, eni ziweto olalata, kugwira ntchito wekhawekha. Koma chimodzi n'choonekeratu: mankhwala oopsa timakhala nawo pafupi, ndipo kagwiridwe kake timakadziwa. Dokotala wa ziweto wodziwika Sophia Yin atadzipha mu 2014, Nicole McArthur anayambitsa gulu loti madokotala a ziweto azithandizana la Not One More Vet pa Facebook, limene lero ndi bungwe lalikulu. Ku Britain kuli Vetlife, ali ndi foni yoyankhidwa usana ndi usiku ndi anthu odziwa ntchito yathu. Kumene kulibe zotere, foni imeneyo imakhala nambala ya mnzako wa kuntchito.

Chimene ndikupempha aliyense woyang'anira kiliniki ndi ichi: kabati ya mankhwala aja ikhale yokhoma, potsegula pakhale anthu awiri, ndipo chilichonse chotuluka chilembedwe. Maganizo odzipha kawirikawiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako n'kutsika, ndiye loko amamuchedwetsa munthu mpaka nthawi yoipayo itadutsa. Ndipo mnzanu akasintha, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuyambitsira maganizowo. Ambiri amapepukidwa kuti wina watchula.

Adimini:
Chidziwitso kwa onse. Ngati wina pano akuganiza zodzivulaza kapena zodzipha, musadikire yankho la pa gulu. Uzani munthu amene muli naye pafupi tsopano lino, pitani kuchipatala, kapena imbani nambala ya zadzidzidzi ya m'dziko lanu. Chonde tisatchule mayina a mankhwala ophera nyama kapena milingo yake pano. Zithunzi za mitembo ya nyama nazonso ayi. Wina anaika dzulo, ndafufuta.

Nachanza:
Kuti musade nkhawa, zodzipha sindikuganiza. Koma ndakhala ndikumwa mapiritsi amene mnzanga anandipatsa, diazepam. Popanda amenewo tulo sitibwera. Pali vuto?

Phungu Nangondo:
Zikomo poyankha poyera. Za mapiritsiwo, ngati mwamwa nthawi yaitali musasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limawazolowera ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kukhoza kukudwalitsani kwambiri, mpaka kugwa ngati wakhunyu. Pitani nawo kwa dokotala akuchepetsereni pang'onopang'ono. Mankhwala a mtundu umenewo amagonetsa koma bala sachiza, ndipo malangizo a WHO a 2013 aja anachenjeza kuti asamaperekedwe kwa munthu amene wangokumana kumene ndi zoopsa. Kuwaphatikiza ndi mowa ndiye kuika moyo pachiswe. Ngati pafunika mankhwala, alipo ena monga sertraline amene madokotala amapereka pa PTSD. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndipo wosankha ndi dokotala amene wakupimani, osati ine pa foni.

Mlonda wa Tchire:
Aphungu, funso lina. Mnzathu uja atavulala, abwana anatisonkhanitsa tonse mawa lake kuti aliyense afotokoze zimene anaona ndi mmene akumvera. Ine ndinatuluka mutu utalemera kuposa mmene ndinalowera. Ndinkaganiza kuti vuto ndine.

Phungu Nangondo:
Si inu. Njira yosonkhanitsa anthu kamodzi n'kuwakakamiza kufotokoza zonse zitangochitika inali yotchuka kale, koma kafukufuku sanapeze kuti imateteza ku PTSD, ndipo ena imawawonjezera ululu. WHO inalangiza kuti isamagwiritsidwe ntchito. M'masiku oyamba munthu amafuna zinthu wamba: kupuma, kugona, kuyankhula ndi abale ake, kudziwa kuti mnzake wovulala ali bwanji, ndi wina womumvetsera ngati iye mwini wafuna kuyankhula. Ambiri amachira okha m'masabata oyambawo, pamenepa a Mbewe sanalakwe. Amene zikupitirira ndi amene timawafuna.

Kwa amene simukudziwa ngati ndi kutopa chabe kapena zaposa pamenepo, pa intaneti pali mafunso aulere otchedwa ProQOL, a Beth Hudnall Stamm. Alipo 30, ndipo anapangira anthu ogwira ntchito yothandiza ena. Amaunika kutopa ndi ntchito, kuvulala mumtima chifukwa choona kuvutika tsiku ndi tsiku, chimene Charles Figley anachitchukitsa mu 1995 ndi dzina loti compassion fatigue, komanso chimwemwe chimene ntchito ikukupatsanibe. Ena ndi PCL-5, mafunso 20 olunjika pa PTSD. Sagamula kuti mukudwala kapena ayi, koma mukhoza kupita nawo kwa dokotala ngati pakamwa pakulemera kuyamba nkhani.

A Mbewe:
Mwamva nonse? Aphungu ati sindinalakwe. Wina alembe penapake.

Chimwemwe wa Agalu:
Kkkk a Mbewe, ati masabata oyamba, osati mpaka imvi.

Nachanza:
Ndaimba ku chipatala chachikulu, andiuza tsiku limene namwino wa matenda a maganizo amaona anthu. Ndinatchula za nkhumbazo, sanaseke, anangoti bwerani tidzakambirane. Mapiritsi ndipita nawo. Koma pali china. Mphekesera zikumveka kuti chigodola chabukanso kwina, ndipo dzina langa silingalephere pa mndandanda poti ndine “wodziwa kale”. Ndikane? Ndikakana ndiye kuti wina apita m'malo mwanga, mwinanso mwana wongoyamba kumene ntchito.

Vetenale Wopuma:
Musakane pakamwa pokha mutakumana nawo pakhonde. Lembani kalata, ndipo ngati namwinoyo angakulembereni kapepala koti mukulandira chithandizo, phatikizani. Simukuyenera kufotokoza zonse, mungonena kuti pakali pano simungakhale pa gulu lopha. Pa mliri ntchito zimachuluka: kutenga magazi okapima, kulemba makola, kutsata kumene nkhumba zinagulidwa ndi kumene zinapita, kuphunzitsa alimi a madera amene sanakhudzidwe. Pemphani imodzi mwa zimenezo.

Za mwana wongoyambayo, nkhawa yanu ndi yoona, koma yankho lake si kudzipereka inu. M'kalata yomweyo ikani zimene a Mbewe anena: magulu azisinthana, pasakhale munthu wopha masiku otsatizana, woyankhula ndi mwini khola asakhale yemweyo wogwira chida, ndipo wamkulu amene wasaina lamulo azipita nawo kukayang'anana ndi alimi. Kuuza nkhalamba yogwada kuti sizingatheke sinali ntchito ya wothandizira dokotala.

A Mbewe:
Ndipo mwanayo tsiku loyamba asapite yekha. Mumuike ndi wamkulu wodekha, osati uja wokonda kuseka anzake akasanza.

Phungu Nangondo:
Ndikugwirizana ndi adokotala, ndingowonjezera kuti kupewa kwa leroku kusakhale kwamuyaya. Mbali ina ya chithandizo idzakhala kubwerera pang'onopang'ono ku fungo lija ndi ku khola la nkhumba zamoyo, inu ndi wokuthandizaniyo mutagwirizana liwiro lake. Zoti mudzalowanso m'gulu lopha kapena ayi mudzasankha mutapeza bwino. Tsiku lokaonana ndi namwinolo lembani papepala zimene zikukuvutani kwambiri, mutenge mapiritsi aja m'paketi yake, ndipo ngati kunyumba kuli wamkulu amene amaona mmene mumagonera, mupite naye. Zina zimene namwino adzafunse inu simuzidziwa, zimachitika muli m'tulo.

Mlonda wa Tchire:
Wina anditumizire pambali mafunso 30 aja ngati zithunzi, intaneti ya kuno sitsegula masamba. Pali anzanga awiri amene ndikufuna tiyankhe limodzi tikatsika kuphiri Loweruka.